Pansi pa Chitenje Chimodzi

Kalata yondisamutsa inandipeza ku Nkhulambe mwezi wa Seputembala, nandolo atayamba kuuma m'minda, m'zaka zija Phalombe atangopatuka ku Mulanje n'kukhala boma palokha. Inati ndikayambe ntchito ku Ntchisi mwezi usanathe. Ndinali mlangizi wa zaulimi, kwathu ku Dowa, ndipo kubwerera kufupi ndi kwathu ndinakupempherera zaka zinayi zathunthu. Koma yankho linachedwa, linandipeza nditakwatira.

Mkazi wanga Felesita anali mwana wa pomwepo, ndipo tinali titangotha miyezi isanu ndi iwiri m'banja. Kumeneko mwamuna ndiye amatsata mkazi. Ine anandilekerera kukhala m'nyumba ya ntchito chifukwa inali pafupi, apongozi ankatha kuona utsi wathu ali pakhonde pawo. Koma kunyamula mwana wa eni kukamuolotsa Shire inali nkhani ina, ndipo mwini nkhaniyo anali amalume ake, a Namakhwa, amene iye ankawatchula kuti atsibweni.

Ndinapitako ndi ankhoswe anga, nditavala tayi. A Namakhwa anatimvetsera akupala mpini wa khasu, osakweza mutu.

"Alangizi, ife sitikukaniza," anatero pomaliza. "Ntchito ndi ntchito. Koma mwana sitingamuponye kumene maso athu sanafikeko. Apita ndi Layisoni. Akaone nyumbayo, akaone madzi, akaonenso mmene mukumusungira. Akakhutira, amusiya. Akapanda kukhutira, abwera naye, inu muzidzamuona pa tchuthi. Komanso pa mthuthuthu wanuwo ayi. Mtunda wonsewo angafike ndi msana? Akwere lole limodzi ndi katundu."

Ndinawomba m'manja n'kuthokoza. Mwa abale onse aja, anasankha Layisoni.

Layisoni anali mwana wa a Namakhwa omwewo, ndiye kuti msuweni wa Felesita. Anali wamtali, woseka ndi thupi lonse, wosakwatira, ndipo ankagulitsa matemba a ku Chilwa pa njinga yakapalasa. Tsiku la ukwati wathu anaimirira pakati pa anthu n'kunena kuti ndamubera mkazi, ndimulipire tambala, anthu n'kuseka mpaka kugwira nthiti. Chisuweni ndimachidziwa. Kwathu ku Dowa chiliponso, inenso ndili ndi ana a amalume amene ndimawatchula kuti akazi anga. Koma nthabwala imeneyi imakoma ukamainena iwe. Kuwonjezera apo, mayi wina wa kutchalitchi, wa pakamwa posasunga kanthu, anali atandinong'oneza kuti ine ndisanabwere akuluakulu ankaganiza zoti awiriwa angokwatirana, minda isatuluke pachibale. Mawu amenewo anandilowa ngati thekenya ndipo sanatulukenso. Tsono munthu ameneyu ndiye anali woti akagamule ngati mkazi wanga akhale nane kapena abwerere kwawo.

Za mthuthuthu zinandipwetekanso pazokha. Njinga yanga yamotoyo inali yofiira, yogula yogwiritsidwa kale ntchito, koma ku Nkhulambe konse ankaidziwa kulira kwake. Felesita ndinamufunsira ndili pa njinga imeneyo. Usiku ndi usana ndinkadziona ndikulowa mu Ntchisi iye ali kumbuyo kwanga, anthu akutuluka m'magolosale kudzaona kuti mlangizi watsopano wabwera ndi ndani.

Lole tinapeza ya mayi wina wa ku Migowi wochita geni ya matemba ndi mpunga, amene ankapita ku Lilongwe, kenako ku Ntchisi kukagula nyemba. Ndinalipira zonse tisananyamuke. Inafika dzuwa litangotuluka, ndipo tinakweza bedi, matiresi, makina osokera a Felesita, mipando inayi, nkhuku zitatu m'dengu, ndi mtondo umene apongozi anaumirira ngati kuti ku Ntchisi kulibe mitengo. Kutsogolo kunali malo a adalaivala ndi mwini katundu basi. Felesita ndi Layisoni anayenera kukwera pamwamba.

"Mkazi wanga, bweretsa dzanja," anatero Layisoni ali pamwamba, n'kumukoka. Kenako anandiyang'ana pansi. "Alangizi, tsogolani ndithu, musadere nkhawa. Ndimusamala ngati wanga, pajatu ndi wangadi."

Anthu amene anabwera kudzatsanzikana nafe anaseka. Inenso ndinaseka, mano okha.

Aliyense amene anagwirapo njinga yamoto pa msewu wa dothi amadziwa lamulo ili: nyengo ya chilimwe suyenda kumbuyo kwa lole. Umatsogola, n'kukaidikira pamthunzi ukumwa thobwa. Ineyo ndinali nditaphunzitsapo alangizi anzanga awiri zimenezi, ndi chala m'mwamba. Koma ukatsogola maso amakhala kutsogolo, ndipo zimene ine ndinkafuna kuona zinali pamwamba pa lole. Ndinakhala kumbuyo.

Lole sikanakwera mpata wa pakati pa mapiri wotulukira pa boma la Phalombe, choncho tinazungulira phiri la Michesi kudzera ku Chiringa. Msewu unali wa maenje ndi timilatho ta matabwa, lole ikamaoloka matabwawo ankalira ngati akupepesa. Bampu iliyonse inkawagunditsa mapewa awiri aja, ndipo ine iliyonse ndinkaiwerenga. Ankalankhula Chilomwe. Mawu sindinkawamva chifukwa cha injini, ndipo ngakhale ndikanawamva sizikanandithandiza, pakuti zaka zinayi zonse ndinangotolako moni ndi mayina a mbewu. Koma pakamwa ndinkapaona. Felesita, amene kunyumba ankandiyankha mawu awiriawiri mwaulemu, maso ali pansi, pamwamba paja ankaseka mpaka kugwetsa mutu chagada, n'kumenya Layisoni paphewa. Sindinkadziwa kuti mkazi wanga amaseka choncho.

Pa Chiringa tinaima kuti adalaivala akweze amayi atatu ndi matumba awo a nandolo, matola a mpaka pa Migowi. Ndinavula chipewa cha njinga. Felesita anandiyang'ana n'kugwira pakamwa.

"Abambo, mwachita kufiira ngati mwatuluka m'chulu. Bwanji osatsogola?"

"Ndikuyang'anira katundu, angagwe."

"Ndi zingwe zonsezi?" anafunsa Layisoni, akumenya chingwe china ndi phazi. "Ndamanga ndine, alangizi. Zimene ndamanga ine sizigwa."

Ndinalavula malovu ofiira n'kuvalanso chipewa.

Pa Migowi tinafika cha m'ma naini, ndipo anatiuza kuti tingokweza matemba n'kumapita. Tinakhalapo maola anayi. Matumba ena anali asanafike kuchokera kudoko la ku Chilwa, amene anafika mayi wa geni uja anati ndi onyowa, anawakhuthula pa mphasa n'kuyamba kukangana ndi eni ake. Sikelo inasowa mbedza, munthu anapita pa njinga kukabwereka ina. Lole ya chipani china inadutsa itadzaza achinyamata oimba, ikupita kumsonkhano, ndipo theka la anthu amene ankatithandiza kukweza anathamangira komweko, ati kukugawidwa nsalu. Dzuwa linali pamutu, fungo la matemba linalowa mpaka m'matiresi athu.

Ndinaganiza zoonetsa kuti mwamuna ndine. Ndinalowa m'golosale n'kugulira Felesita chakumwa cha m'botolo chozizira ndi sikono. Potuluka ndinawapeza atakhala pa tayala losweka pansi pa mtengo, akudya kalongonda pa pepala limodzi. Kalongonda ndi nyemba zazikulu zija za Alomwe, zimene amati zikapanda kupsa bwino zimazunguza mutu. Ine ndinali ndisanazilawepo, ndinkaziopa, ndipo m'nyumba mwanga sizinkaphikidwa.

"Uyutu kuyambira ali mwana, ukafuna akukonde umugulire izi," anatero Layisoni. "Simunadziwe? Miyezi seveni!"

Felesita analandira botolo langa ndi manja awiri, akupinda mawondo, "Zikomo abambo." Anamwa theka, lotsalalo anapatsira Layisoni. Sikono anaimanga pa nsonga ya chitenje, akuti adya patsogolo.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Tsopano matumba anali ataunjikana mpaka m'mwamba, ndipo malo okhala anatsala kadzenje kamodzi pakati pa matiresi ndi mpunga. Anakhala mmenemo mwendo ndi mwendo. Titalowa m'dera la Jenala dziko linatambasuka, lopanda phiri, lopanda mthunzi, ndipo mphepo inayamba kubweza fumbi la lole n'kuliponya pamwamba pomwe. Ndinaona Felesita akutulutsa chitenje m'chikwama, chobiriwira chija ndinamugulira ku Limbe, n'kudzifunda kumutu. Patapita kanthawi Layisoni anakoka mbali ina n'kulowetsanso mutu wake.

Mitu iwiri pansi pa chitenje chimodzi. Lero ndikhoza kukuuzani kuti munthu aliyense akanachita chimodzimodzi, fumbi lija linali lotsamwitsa. Tsiku limenelo nzeru zimenezo ndinalibe. Ndinapotoza mafuta n'kuyandikira mpaka ndikanatha kugwira chitseko chakumbuyo cha lole ndi dzanja. Ndinkafuna kuona chiyani, sindikudziwa, chifukwa m'fumbi mmenemo simunkaoneka ngakhale nambala ya galimoto. Timiyala tinkandimenya pachifuwa, m'maso munali mchenga, koma ndinakakamira pomwepo mtunda wautali. Kenako njinga inatsokomola. Inatsokomolanso kachiwiri, inachita ngati ikufuna kunena kanthu, n'kuzima.

Ndinaliza hutala, kanali kamawu ka mwanapiye. Ndinakuwa dzina la Felesita. Lole inapitirira ndi mtambo wake, chitenje chobiriwira chija chili phee pamwamba, mpaka zonse zinazimiririka.

Ndinamenya kiki mpaka mwendo unachita dzanzi. Ndinayesa kuikankha n'kudumphira, ayi ndithu. Ndinayamba kuikoka pamanja, ndipo njinga yamoto ukamaikoka imalemera ngati ng'ombe yokana kupita kudibi. Ana a sukulu amene ankaweruka ananditsata akufunsana ngati mafuta andithera. Nditayenda mwina makilomita awiri ndinamva kugunda kwa chigayo.

Woyendetsa chigayocho anali mkulu wina wa ufa m'nsidze, ndipo anati injini ndi injini, aione. Anatsegula bokosi la sefa ya mpweya, n'kutulutsa chinthu chooneka ngati njerwa yosawotcha. Anamasula pulagi, inali bii. Anatembenukira kwa ine.

"Njingayi mwabwereka?"

"Ndi yanga."

"Ndiye inakulakwirani chiyani? Mumatsata lole ija yadutsa apayi eti? Nanga msewu wonsewu, kutsogolo kunalibe malo?"

Ndinati ndinkayang'anira katundu. Anangoti "Ehe," n'kutumiza mayi wina kuti abwereke beseni.

Ntchito yake ankaidziwa, koma sankathamangira munthu. Anatsuka sefa ndi petulo wa m'thanki yanga n'kuiyanika padzuwa. Anamasula kabuleta n'kuyala tizitsulo take pa thumba. Akangogwira kamodzi, mayi wina ankaitana kuti chimanga chake chalowa, iye n'kupita, n'kukatha mphindi makumi awiri. Ine ndinakhala pa mwala maso ali kumsewu. Poyamba ndinkati abwerera, azindikira kuti kumbuyo kulibe munthu. Ola linatha. Ndiye mutu unayamba kundiphikira zake. Ndinawaona atafika pa Jali. Ndinawaona akutsika, Layisoni akumugwira m'chiuno pomutsitsa. Ndinaona ngakhale nyumba yogona alendo imene sindinaionepo chibadwire, ndi mtundu wa chitseko chake. Chimene chinandiwawa kuposa zonse chinali chakuti sanaone n'komwe kuti ndatsala. Mwamuna wake wasowa pamsewu, iye ali pansi pa chitenje changa.

Amayi a pachigayo anandipatsa chinangwa chophika, ndinakana. Mmodzi anati, "Bambowa akudwala kapena?" Mnzake anamuyankha m'Chilomwe, onse n'kuseka, ndipo ndinatsimikiza kuti dziko lonse la Phalombe likudziwa nkhani yanga.

Patatha maola atatu njinga inalira. Mkulu uja anati pulagi yatopa, waipala chabe, ndikafika pa Jali ndigule ina. Ndinamupatsa ya sopo n'kuuyatsa. Mmene ndinayendera pamenepo ndi chisomo chabe kuti ndikulemba izi. Mbuzi zinkadzipulumutsa zokha.

Pa Jali ndinapeza lole itaima pansi pa mtengo wa mango, dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Mayi wa matemba anali kutsogolo atatupa ndi mkwiyo. Adalaivala anali atagona pansi pa galimoto, ndipo atandiona anadzuka.

"Akulu, mwatichedwetsatu! Ife timafuna tikagone ku Balaka."

"Anthu aja ali kuti?"

"Banja lija? Lalowera kumsikaku."

"Banja liti?"

"Mkulu wamtali uja ndi mkazi wake. Kodi inu ndi alamu ake?"

Adalaivalawo sanalakwe. Anationa koyamba m'mawa womwewo, ndipo tsiku lonse ankangomva "mkazi wanga, mkazi wanga" kuchokera pamwamba. Koma ine mawu amenewo anandithira petulo pamoto. Njinga ndinaisiya osaiimika bwino, inagwa, sindinacheuke.

Ndinawapeza kuseri kwa msika, pamene pankakhala okonza njinga zakapalasa. Anaima moyandikana. Felesita anali akumasula mfundo ya chitenje chake cha m'chiuno, Layisoni atatambasula dzanja. Sindinafunse kanthu. Sindinaone kuti maso a Felesita anali ofiira, ndinaziona pambuyo pake. Ndinangoyamba, ndi mawu amene ndinkaitanira alimi pamsonkhano wopanda chimkuzamawu.

"Ngati mumafunana, bwanji simunangokwatirana? Munandilowetseranji pakati? Kapena munayamba kale, ine ndangokhala chophimba? Tsiku lonse pansi pa chitenje chimodzi, mukuyesa sindimaona?"

Wogulitsa tomato anaima ndi mbale m'manja. Wokonza njinga anasiya kupopa.

Felesita sanalire. Anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo, kenako anayang'ana pansi n'kumanganso mfundo ija pang'onopang'ono. M'mfundomo munali ndalama zimene mayi ake anamupatsa potsanzikana.

Layisoni, kwa nthawi yoyamba chimudziwire, sanaseke. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kabokosi.

"Pulagi yanu iyi, alangizi. Ndinaganiza kuti ndi fumbi lija yavuta ndi pulagi, ndiye ndazungulira msika wonse, ndaipeza kwa wa jenereta. Timabwereka njinga apa kuti ndikutsateni, ndalama amamasulazo ndi zolipira imeneyo. Adalaivala anakana kubwerera, akuti mafuta. Mlongo wanguyu wakhala akulira kuyambira pamene tinaona kuti simukuoneka."

Mlongo wanga. Tsiku lonse anali mkazi wake, tsopano pamaso pa anthu anamutchula mlongo, ndipo ndinamva kulemera kwake. Ndikanapepesa pomwepo. Madzi akatayika saoleka, komabe munthu umagwada n'kuyesa. Ine manyazi anandisandukira ukali. Ndinalandira pulagi ija osathokoza n'kuuza Felesita kuti, "Tiye, ukwera njinga."

"Atsibweni anati..."

"Atsibweni ako ali ku Nkhulambe. Pano mwamuna wako ndine."

Anakwera. Anakhala cham'mbali monga amakhalira amayi, manja atagwira chitsulo chakumbuyo. Kuchokera pa Jali mpaka mu Zomba sanandikhudze ngakhale ndi chala, ngakhale m'maenje momwe. Zimene ndinalota miyezi yonse ija zinachitika, mkazi wanga kumbuyo kwanga pa njinga yanga, ndipo zinali ngati ndanyamula thumba la mwini.

Tinagona mu Zomba, m'nyumba ya alendo pafupi ndi depoti. Za kumeneko palibe chonena, pakuti palibe amene ananena kanthu.

M'mawa Felesita sanandifunse. Anaponda tayala la lole n'kukwera yekha, Layisoni atatambasula dzanja iye osaligwira. Anakhala wina uku wina uko, matiresi ali pakati. Tsopano msewu unali wa tala, wopanda fumbi, ndipo ndikanatha kuwatsata mmene ndikanafunira, koma panalibenso choti ndione. Chisekeso chija ndinali nditachipha ndine.

Pa Liwonde, tisanaoloke mlatho, panali rodibuloko ndi mzere wautali. Lole anaipatutsa kuti aone katundu, ine anandiimika patsogolo pang'ono. Wapolisi anatenga laisensi yanga ndi mapepala a njinga, n'kundiuza kuti ndidikire, athane kaye ndi basi imene inali patsogolo. Ndinaima pamenepo, ogulitsa nsomba zokazinga ndi mazira akundizungulira. Ndili chiimire ndinaona Felesita akutsika pa lole ndi chikwama chake. Anaoloka msewu. Anakaima mbali imene amaima anthu odikira mabasi obwerera ku Zomba.

Ndinafuna kuthamanga, koma mapepala anga anali m'manja mwa boma, ndipo wapolisi atandiona ndikusuntha anati, "Bambo, ndati mudikire." Komanso ndikanakanena chiyani? Ndinaona Layisoni akudumpha pa lole n'kumutsata. Anaima patsogolo pake, patali ndithu, manja ali kumbuyo. Ankalankhula iye, Felesita akupukusa mutu. Minibasi ya ku Zomba inaima, kondakitala anagwira chikwama chija, Felesita sanachikanize. Layisoni anachigwira mbali ina. Analankhulanso, nthawi yaitali, mpaka kondakitala anatopa, anatukwana n'kumenya chitseko. Minibasi inapita. Inabwera ina, inapitanso. Kenako ndinaona Felesita akupukuta kumaso ndi chitenje, akuoloka msewu kubwerera ku lole, Layisoni ali pambuyo ndi chikwama.

Wapolisi anandibwezera mapepala. "Zonse zili bwino. Koma nkhope yagwatu, mwadya?"

Kuchokera pamenepo ndinachita zimene ndinayenera kuchita kuyambira ku Nkhulambe: ndinatsogola. Ndinkawadikira pa Balaka, pa Ntcheu, pa Dedza pamene mphepo yozizira inandikumbutsa kuti jekete yanga ili pa lole. Paliponse ndinkagula kanthu, mbatata yokazinga, nthochi, n'kupereka pamwamba. Felesita ankalandira ndi manja awiri, "Zikomo abambo," ulemu wonse uli pamalo pake ngati mpanda. Mu Lilongwe tinataya tsiku lathunthu mayi uja akugulitsa matemba ake, ndipo nkhuku imodzi inafa ndi kutentha. Tsiku lachinayi masana tinadutsa pa Mponela n'kukwera mapiri a Ntchisi. Palibe amene anatuluka m'golosale kudzationa.

Nyumba inali yabwino, ya malata, zipinda ziwiri, mjigo uli pafupi. Layisoni anakhala masiku atatu. Anagwira ntchito imene anamutuma mosaseka: anayenda kukaona chipatala, anafunsa kumene kuli tchalitchi, analawa madzi, anacheza ndi akazi a aphunzitsi oyandikana nafe. Anakonza mwendo wa makina osokera umene unathyoka panjira. Mawu akuti "mkazi wanga" sanatulukenso pakamwa pake. Ine masiku atatu amenewo ndinkangoyang'ana chikwama cha Felesita, chimene chinali pakona chosamasula. Ndinapepesa kawiri. Kawiri konse anati, "Ndamva abambo."

Tsiku lonyamuka Layisoni linafika, ndipo palibe amene anali atandiuza kuti anyamuka angati. M'mawa ndinatuluka kukapukuta njinga imene inali yopukutapukuta kale. Layisoni anatuluka ndi kachikwama kake. Felesita anatuluka pambuyo pake, m'manja muli kaphukusi ka mtedza kopita kwa mayi ake, kumapazi kulibe nsapato. Ndinayang'ana mapazi amenewo ngati ndikuona mvula yoyamba. Anatsanzikana m'Chilomwe, mwachidule, Felesita n'kubwerera m'nyumba.

Basi inkakwerekera pa boma, mtunda wa makilomita khumi ndi awiri, choncho ndinamunyamula pa njinga. Munthu amene ndinamuda kuchokera ku Michesi anandikumbatira m'chiuno njira yonse, mpweya wake uli pakhosi panga. Titafika tinapeza basi isanabwere, tinakhala pa khonde la sitolo ina.

"Mukawauza chiyani atsibweni?" ndinafunsa.

"Kuti nyumba ndi yabwino, madzi ali pafupi, chipatala chilipo."

"Za pa Jali?"

"Zimenezo ndikawauza, mawa lomwe atumiza anthu kudzamutenga. Bambo anga mumawadziwa." Anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi. "Ndikuuzeni chilungamo, alamu. Pa Liwonde paja anali atapita. Anati munthu amene wanditukwana chigololo pamsika, kwawo akandichita zotani kopanda abale anga? Anati ndimutenge, tibwerere. Ine ndikanavomera, ntchito imene anandituma inali yomweyo, palibe akanandidzudzula."

"Nanga bwanji simunavomere?"

"Ndinamuuza kuti munthu wosakufuna sadya fumbi kuchokera ku Nkhulambe mpaka kwa Jenala. Ndinati ndi wopusa, koma ndi wako. Ndinati ukhale mpaka mvula igwe, ukaona kuti sizikusintha undilembere kalata, ndibwera ndekha kudzakutenga." Anafufuta zimene ankajambula ndi phazi. "Anakana kawiri. Kachitatu anati, poti wanena ndiwe, ndikhala."

Basi inafika. Anandigwira chanza, anakwera, ndipo atakhala pawindo kumwetulira kuja kunabwerako pang'ono. "Mumusamale," anatero. Sanawonjezere nthabwala.

Mvula inagwa, kalata sinalembedwe. Felesita ndili naye mpaka lero, tili ndi ana asanu, ndipo woyamba anaphunzira kuyendetsa pa njinga yofiira yomwe ija. Layisoni anakwatira mkazi wa ku Mkhumba, tikapita kumudzi amatiphera nkhuku, ndipo ndimamulemekeza kuposa abale anga ena a magazi. Banja langa anandisungira ndi iye, zimenezo sindikana.

Koma ndiulule, poti ndakalamba. Pobwerera tsiku lija, ndili ndekha pa njinga, sindinkaimba nyimbo yothokoza. M'mutu munkangobwera mawu amodzi: poti wanena ndiwe. Ndinapepesa kawiri, ndinagula nthochi m'matauni atatu, ndinalumbira ndi Mulungu, ndipo zonsezo sizinamasule chikwama chija. Mkazi wanga anakhala nane chifukwa Layisoni anamuuza kuti akhale.